Chikalata cha Madandaulo a Anthu a kwa Ndake pa Nkhani ya Kumvetsera Mafoni Athu

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumisiri ndi Sayansi, ndi akuluakulu a ZICTA, Lusaka
Kudzera kwa a Mfumu Ndake ndi aphungu athu a Nyimba

Olemekezeka,

Ife alimi, aphunzitsi, amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East ndi achinyamata otumiza ndalama pafoni, tabwera kudzagwada ndi dandaulo.

Mudatiuza kuti tilembetse ma SIM, ife tidafola pamzere, chitupa cha NRC kumanja. Lero zonse zili mufoni: uthenga wa feteleza wa FISP, ndalama yochokera kwa mwana ku Lusaka, za maliro, ngakhale mikangano ya malire a minda. Kampani ya foni imadziwa yemwe tayankhula naye, nthawi yake ndi kumene tinali.

Mu Epulo 2025 a Pulezidenti Hakainde Hichilema adasaina Cyber Security Act, kulowa m'malo mwa lamulo la 2021 lomwe iwo eni ankalidzudzula ali kotsutsa boma. Lamulo latsopanoli limakakamiza makampani kuika zipangizo zomvetsera mauthenga, ndipo bungwe loliyendetsa lili pansi pa ofesi ya Pulezidenti. Akuba a pafoni, aja otumiza uthenga wabodza wofuna ndalama, nafenso atisautsa, agwireni ndithu. Koma wotimvetsera popanda chilolezo cha khoti, ndi kampani yomutsegulira chitseko, tidzawasumira kuti? Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kulowerera makalata ndi mauthenga a munthu.

Mantha athu ali ndi pochokera. Ku America, makampani monga AT&T adasumiridwa chifukwa chothandiza boma kumvetsera anthu popanda chilolezo cha khoti. Mu 2008 aphungu a kumeneko adakhazikitsa lamulo lowatchinjiriza pa zimene adachita kale, milandu ija nʼkuthera pomwepo. Kuno kwathu, pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zidangozima. Bungwe la Chapter One Foundation lidachita kuthamangira ku High Court kuti zitsegulidwe. Mlimi wa kwa Ndake ndalama ya loya angaipeze kuti?

Choncho tikupempha kuti lamulo linene mosapita m'mbali kuti kampani yopereka mauthenga athu popanda chikalata cha woweruza idzayankha mlandu ndi kulipira wolakwiridwa, ndipo Nyumba ya Malamulo isadzaikhululukire mlanduwo pambuyo pake. Munthu amene adamvetseredwa nʼkupezeka wosalakwa auzidwe. Chaka ndi chaka ZICTA izilengeza kuti boma lapempha kangati kumvetsera, ndipo makhoti avomera kangati.

Pempho lina ndi lakuti mutumize anthu anu abwere pabwalo la amfumu, adzatifotokozere lamulo la Cyber Security Act m'Chinyanja ndi m'Chinsenga, ifenso tidzafunse mafunso. Yankho lanu tilidikira kudzera ku ofesi ya DC wa Nyimba.

Ndife anu,
Anthu a m'dera la a Mfumu Ndake, amene tasaina ndi kudinda zala m'munsimu