ZA PAKHOMO PATHU: Tisanagule Makina Obowolera Matabwa

Lamulungu lina titatuluka mu Misa yachiwiri kuno ku Matero, bambo ena a mu mphakati wathu anatiitanira pambali. Ndalama za chilimba zinali zitawagwera mwezi umenewo, ndipo iwo ndi mayi a kunyumba anagwirizana zogula makina obowolera matabwa oyendera batire, aja ambiri amangoti dirilo. Ankafuna kukhomera ana awo tebulo lowerengerapo, kuika shelefu m'khichini ndi kulimbitsa mipando imene inayamba kugwedera. "Aphunzitsi," anatero, "ndalamazi mayi azidikira miyezi isanu ndi umodzi. Ndikagula chinthu chachabe, ndidzawayang'ana bwanji?" Funso limeneli tiliyankhe pano, pakuti mabanja ambiri ali nalo.

Dirilo ya batire si yachilendo. Kampani ya Black & Decker ku America inatulutsa yoyamba m'chaka cha 1961. Koma ife a m'makomboni tinaona ubwino wake kwenikweni m'chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Amene anali ndi makina a chingwe anangopinda manja, pamene wa batire ankachaja usiku magetsi akabwera, m'mawa n'kupitiriza ntchito.

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Zaka zingapo zapitazo tinagula dirilo m'mbali mwa msewu m'tauni. Bokosi lake linali lonyezimira, pa batire panalembedwa nambala yaikulu ya 48V, ndipo mtengo unali wotsika mokondweretsa. Titafika kunyumba inabowola mabowo owerengeka n'kufooka, ndipo pasanathe miyezi iwiri batire inaleka kulandira moto. Wogulitsa sitinamupezenso. Akuluakulu ananena zoona kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho nambala ya pa bokosi isatinyenge. M'kati mwa batire muli timabatire tating'onoting'ono, ndipo kalikonse kamapereka mphamvu ya 3.6V. Titatu timapanga batire imene amailemba 10.8V kapena 12V. Tisanu timapanga ya 18V. Makampani ena amalemba 20V pa batire ya timabatire tisanu tomweto, chifukwa amayeza itangochoka pa chaja. Motero 18V ndi 20V ndi chinthu chimodzi. Dirilo yaing'ono yopepuka m'manja ikamadzitama ndi nambala zoposa pamenepa, tiyenera kukayika.

Tsono tidzifunse za ntchito imene tikufuna kugwira. Ngati ndi tebulo la ana, benchi kapena shelefu ya matabwa a paini, onga amene timagula pa msika wa Buseko, dirilo ya 12V ikwanira, ndipo siitopetsa dzanja. Ngati tidzagwira kawirikawiri matabwa olimba monga mukwa, kapena kubowola mabowo aakulu, tisankhe ya 18V. Kubowola chipupa cha mabuloko a simenti ndi nkhani ina: kumafuna dirilo yokhala ndi chizindikiro cha hamala ndi kachitsulo kake kobowolera konkire. Ngati mabowo a m'chipupa ali anayi okha, kuli bwino kubwereka tsiku limodzi kusiyana ndi kulipirira mphamvu imene sitidzaigwiritsanso ntchito.

Moyo wa makinawa uli mu batire, ndipo nthawi zambiri batire ndiyo imayamba kufa. Tisankhe yolembedwa Li-ion, chifukwa ndi yopepuka ndipo imasunga moto nthawi yaitali ikangokhala. Zilembo za Ah zimasonyeza kuchuluka kwa moto umene batire imanyamula. Pa ntchito za pakhomo 1.5Ah kapena 2Ah ndi yokwanira. Mabatire awiri aang'ono aposa imodzi yaikulu, pakuti ina ikamagwira ntchito inzake ili pa chaja. Tisanapereke ndalama tifunse wogulitsa ngati batire ya mtundu womwewo imagulitsidwa payokha, chifukwa kawirikawiri batire ya kampani ina silowa pa makina a kampani inzake. Tiwerengenso zolembedwa pa chaja. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo chaja yopangidwira ku America yolembedwa 120V yokha idzapsa tikangoilumikiza. Batire tisaisiye padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo ikatupa kapena kutentha modabwitsa tileke kuigwiritsa ntchito, pakuti itha kuyaka moto.

M'sitolo momwemo tipemphe kuigwira ndi kuiyatsa. Izungulire kutsogolo ndi kumbuyo, kuti tithe kumanga ndi kumasula masikuluu. Ikhale ndi liwiro la mitundu iwiri: lapang'onopang'ono lomangira, lothamanga lobowolera. Kutsogolo kwake kukhale mkombero wa manambala umene umaletsa makina kupitiriza kupota sikuluu ikalimba. Popanda umenewu sikuluu imamira n'kung'amba thabwa. Pakamwa pogwira kachitsulo kobowolera pa 10mm ndi pokwanira pa mipando, ndipo pakhale pomanga ndi dzanja popanda kiyi. Risiti tisaiiwale. Pogwira ntchito, makamaka pa mukwa ndi kumapeto kwa thabwa, tiyambe tabowola kabowo kochepa tisanalowetse sikuluu, kuti thabwa lisang'aluke.

Palinso funso limene Mkhristu sayenera kulidumpha: kodi ndi khomo lililonse liyenera kukhala ndi dirilo yakeyake? Makina ogwira ntchito masiku atatu pa chaka, masiku ena onse ali pansi pa bedi, ndi ndalama zogona. Mutu umodzi susenza denga. Mphakati utha kusonkha n'kugula imodzi yabwino, kusankha woisunga, ndi kulemba m'kabuku aliyense wobwereka. Anyamata athu amene anatsiriza sukulu nakhala opanda ntchito aphunzirirepo kukhoma mabenchi a ana a katekisimu. Amisiri amene timawaona ndi mipando yawo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga sanabadwe akudziwa. Anaphunzira pogwira zida. Pamene Papa Pius XII anakhazikitsa chikondwerero cha Yosefe Woyera Mmisiri pa 1 Meyi, m'chaka cha 1955, anatikumbutsa kuti Ambuye athu anakulira m'nyumba ya munthu wopala matabwa.

Bambo aja anagula ya 12V ya mabatire awiri, ndipo ndalama zotsala zinakwanira matabwa ndi masikuluu. Tebulo tinakaliona. Mwendo umodzi ndi waufupi pang'ono, anauikira kapepala pansi, koma ana atatu amalembapo madzulo alionse, ndipo mayi a kunyumba anatiphikira tiyi akumwetulira. Yosefe Woyera apempherere ntchito za manja athu. Tidzachezanso mwezi wamawa.