Musatsekere mudzi wonse kaamba ka munthu mmodzi

Aliyense amene anayendetsapo bungwe, kaya la maliro, la mpira kapena la ophunzira akale, akudziwa kuti pagulu sipalephera munthu wovuta. Pa intaneti ndiye zimachita kunyanya. Mukatsegula webusaiti ya mamembala, sipatha sabata asanatulukire wina wodzatukwana anzake, wina wotsatsa mankhwala abodza, wina woyesa kulowa m'maakaunti a eni ake. Mwini malo ali ndi ufulu wonse womutulutsa munthu wotere, ndipo amene amati kuchotsa wotukwana m'gulu n'kupondereza ufulu wolankhula sanaumvetse ufuluwo.

Nkhani yanga ili pa kachotsedwe kake. Njira imene ambiri amathamangira ndi yotseka nambala ya IP. Foni kapena kompyuta ikamalankhula ndi webusaiti imaonekera ndi nambala yomwe imagwira ntchito ngati keyala pa kalata, kuti yankho lidziwe kobwerera. Woyang'anira webusaiti akatopa naye munthu amangolemba nambalayo pa mndandanda wa oletsedwa, basi chitseko chatsekeka, iye n'kukagona mtima uli m'malo.

Koma kodi watsekera ndani? Inu amene munakulira kumudzi mukukumbukira kuti mudzi wonse unkalandira makalata kudzera pa bokosi limodzi la ku positi, la sukulu ya pulaimale kapena la mishoni. Tsono tayerekezani kuti mnyamata mmodzi walemba kalata yachipongwe ku ofesi ina mu tauni, ndipo bwana wa kumeneko walamula kuti kalata iliyonse yochokera pa bokosi limenelo izing'ambidwa osawerengedwa. Aphunzitsi, abusa, mai wofunsira mwana wake ntchito, onse alangidwa, pamene mnyamata uja wangopita pa sukulu yoyandikana nayo n'kukalemba ina.

Izi zinachitikadi pa dziko lathunthu. Kumapeto kwa December 2006, woyang'anira wina wa Wikipedia anatseka nambala imodzi imene kunkachokera zolemba zosokoneza. Sanadziwe kuti kampani ya Qtel, yomwe pa nthawiyo inali yokhayo yopereka intaneti ku Qatar, inkadutsitsa makasitomala ake pa nambala yomweyo. Anthu a m'dzikolo opanda akaunti anangoona kuti sakuthanso kulemba kapena kukonza kanthu. Nkhani itabuka m'manyuzipepala, Jimmy Wales, mmodzi wa amene anayambitsa Wikipedia, ananena kuti chiletsocho sichinafike maola 12. Chabwino, koma chinadziwika msanga poti amene anatsekeredwa linali dziko lolemera lomwe atolankhani amalidziwa.

Kugawana nambala kotereku kuli ndi gwero lake. Manambala a mtundu wakale, otchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, pamene anthu pa dziko lapansi tinapitirira 8 biliyoni. Amene anayamba kufika pa mphika anadzigawira mosaumira: sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America inapatsidwa manambala oposa 16 miliyoni, kampani ya Apple chimodzimodzi. Bungwe logawa manambala mu Africa, la AFRINIC, lomwe likulu lake lili ku Mauritius, linavomerezedwa mu 2005, ndipo gawo lake ndi laling'ono kuposa la zigawo zina zonse. Pofika February 2011 nkhokwe yaikulu ya manambalawa inauma. Ulipo mtundu watsopano, IPv6, wokhala ndi manambala osawerengeka, koma kusamukirako kukuyenda pang'onopang'ono. Choncho makampani a mafoni amaunjika makasitomala mazanamazana, nthawi zina zikwi, kuseri kwa nambala imodzi. Kuno kwathu, kumene ambiri timalowa pa intaneti ndi foni ya m'manja, nambala imene mukuonekera nayo m'mawa uno mwina mukugawana ndi munthu wa ku Karonga amene simudzakumana naye mpaka kalekale.

N'chifukwa chake chilango chimenechi chimagwa molemera pa osauka. Mu 2022 olemba Wikipedia a ku Ghana ndi maiko ena a mu Africa anadandaula poyera kuti akutsekeredwa kawirikawiri, ngakhale pa misonkhano yophunzitsa olemba atsopano, chifukwa manambala a makampani awo a mafoni anali pa mndandanda wa okayikiridwa. Taganizani: gulu lomwelo lomwe limadandaula kuti nkhani za Africa n'zochepa pa masamba ake linkabweza pakhomo Aafirika odzalemba nkhanizo. Njira yopempha kuti akuchotsere chiletso ilipo, inde, koma mlendo amene wakanidwa tsiku loyamba sakhala pansi n'kulemba pempho m'Chingerezi. Amangochoka, ndipo palibe amamuwerenga.

Nanga wolakwa uja? Iye ndiye savutika n'komwe. Pa foni, kungozimitsa intaneti n'kuyatsanso nthawi zambiri kumakupatsa nambala ina. Wochenjera pang'ono amagwiritsa ntchito VPN, n'kumaoneka ngati ali ku Amsterdam chikhalirecho ali pa Ndirande. Ngakhale boma lamphamvu linalephera masewero amenewa. Mu April 2018 boma la Russia, pofuna kutseka Telegram, linatseka mamiliyoni a manambala a Amazon ndi Google. Mabizinesi ambiri osalakwa anasokonekera, Telegram n'kumagwirabe ntchito, mpaka mu June 2020 akuluakulu anachotsa chiletsocho. Ngati Moscow ndi akatswiri ake onse inagwira mphepo, kuli bwanji mlembi wa kabungwe ka mamembala 300?

Sindikunena kuti chida chimenechi chitayidwe kudzala ai. Pamene makina akuyesa mau achinsinsi kambirimbiri pa mphindi imodzi kuchokera pa nambala imodzi, itsekeni pompo, palibe chodikira. Mu July 2014 Wikipedia inatseka kwa masiku 10 nambala ina ya ku nyumba ya malamulo ya America, kumene munthu wina ankalemba zachibwana pa masamba osiyanasiyana. Chiletso chimenecho sindichitsutsa: mwini nambala ankadziwika, chifukwa chake chinanenedwa poyera, masiku anawerengedwa, ndipo amene anali ndi akaunti ankalembabe.

Chimene ndikukana ndi ulesi wotseka mpaka muyaya, mwakachetechete, n'kuiwala. Webusaiti ya mamembala ili ndi mwayi umene ena alibe, poti aliyense amalowa ndi dzina lake. Wolakwa ndi akaunti yakutiyakuti, ndiye tsekani akauntiyo. Akabwerera ndi dzina lina, khwimitsani kalembedwe ka mamembala atsopano, azidikira kuvomerezedwa ndi munthu. Zikafika poti nambala itsekedwe, ikhale ya maola kapena masiku ochepa, mamembala odziwika azidutsabe, ndipo wokanidwa aone uthenga womuuza chimene chachitika ndi kumene angakadandaule, kumene kuli munthu woyankha. Mndandanda wa oletsedwa uziunikidwanso, chifukwa nambala imene inali ya wachipongwe chaka chatha lero ili ndi namwino wa ku Zomba.

Ena adzati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Owerenga athu amene munakhala zaka ku Lusaka, Dar es Salaam kapena London musanabwerere kwanu mukudziwa bwino kumene maganizo amenewo amathera, poti ena mwa inu abale anu otsala kumudzi ndiwo ankafunsidwa mafunso kaamba ka inu. Sindikufananitsa kukanidwa pa webusaiti ndi mazunzo amenewo, kutalitali. Koma mutu wa wolamula umayenda mofanana: sindingathe kumugwira wolakwa, ndiye ndigwira amene ali naye pafupi.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene woyang'anira webusaiti wa ku Blantyre kapena Lilongwe ayenera kuchidziwa asanakhudze batani limenelo. Mamembala ake pafupifupi onse amabwera kudzera pa makampani awiri okha a mafoni, Airtel ndi TNM. Akapsa mtima n'kutseka gulu lonse la manambala kuti wovuta uja asadzabwerenso, angadzuke m'mawa n'kupeza kuti watsekera kunja theka la bungwe lake, msungichuma ali momwemo.