Chikalata cha Madandaulo cha Makolo a ku Angónia pa za Ana Athu

Kwa Olemekezeka Mtsogoleri ndi Aphungu onse a Assembleia Provincial ya Tete.
Makope apite kwa Olemekezeka Bwanamkubwa wa chigawo ndi kwa Administrador wa boma la Angónia.

Olemekezeka,

Ife amene tasaina ndi kudinda zala kumapeto kwa chikalatachi ndife makolo, agogo olera zidzukulu, amayi a m'magulu, akuluakulu a mipingo ndi nyakwawa za m'madera a Ulónguè ndi Dómuè. Tabwera kwa inu motsamira ndime 79 ya malamulo aakulu a dziko lathu, imene imalola nzika iliyonse kupereka dandaulo kwa akuluakulu. Talemba m'Chinyanja chifukwa ndi m'chinenerochi mmene ana athu amatiuzira kuti ali ndi njala, komanso tikufuna kuti aliyense amene wadinda chala amve bwino zimene wavomera.

Ku Tete mukamatchula Angónia mumati ndi nkhokwe ya chigawo. Sitikukana. Chimanga, kachewere, nyemba, soya ndi fodya zimachoka kuno pa malole, zina kutsetserekera ku Tete, zina kudutsa pa Calomue kulowa ku Dedza. Koma tikukupemphani kuti mudzafike mu Januwale kapena Febuluwale, mudzakhale nafe pa sikelo ya ana. Mudzaona wazaumoyo akukulunga kalamba pa mkono wa mwana wa chaka chimodzi, kalambako n'kuima pofiira, mayi ake ayang'ana pansi osalankhula. Mayi ameneyo analima. Chimanga anagulitsa motchipa atangokolola kuti abweze ngongole ya feteleza ndi kugula sopo, mchere ndi makope, ndipo tsopano akugula chomwecho pa mtengo wokwera, mbale imodzi imodzi. Nyemba ndi mtedza zinapita kumsika. Mwana akudya phala la ufa wokhawokha, lopanda nsinjiro, mayi ali pa ganyu m'munda wa wina mpaka dzuwa kupendeka.

Kafukufuku wa boma wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti m'dziko lino ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ife timawadziwa maina. Achipatala amatiphunzitsa kuti kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba mpaka atakwana zaka ziwiri, ndipo nthawiyi ikadutsa kukonza kumavuta. N'chifukwa chake tinamva ndi chidwi kuti mu 2018 boma linayamba ku Nampula kupereka ndalama ya mwana wosakwana zaka ziwiri, mametikali 540 pa mwezi. Ndi yochepa, inde, koma m'manja mwa mayi wa kuno ndi mazira, mtedza ndi sopo. Tikudziwa kuti ndalamayi imagamulidwa ku Maputo. Komabe inu muli ndi pakamwa pofika kumene ife sitifika: tiyankhulireni kuti ana a m'midzi yathu yonse alembedwe, ndiponso kuti thandizo la mabanja osauka lizibwera pa nthawi yake.

Pa chakudya cha kusukulu mawu athu ndi afupi. Ndondomeko ya PRONAE ilipo kuyambira 2013, ndipo imalimbikitsa kugula chakudya kwa alimi a pafupi. Alimiwo ndife. Gulani chimanga ndi nyemba zathu, muphikire ana athu m'sukulu zonse za kumidzi, makamaka miyezi ya njala pamene sukulu ikutsegulira.

Nkhani imene yatiliza kwambiri m'misonkhano yathu ndi ya kalembera. Pa nthawi ya nkhondo ambiri a ife tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo tinabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Alipo amene anabadwira kumeneko, m'misasa kapena kwa abale, n'kubwera kuno opanda pepala lililonse. Lero iwowo ndi makolo, ena ndi agogo. Mmodzi mwa ife, gogo wolera ana atatu amasiye, anayenda ulendo wa tsiku lonse kukalembetsa zidzukulu zake. Anamufunsa chiphaso chake, analibe. Anamuuza kuti abwere ndi mboni. Anagulitsa nkhuku ziwiri kuti alipire njinga yamoto ya iye ndi mboni, atafika anapeza wolemba kulibe. Ulendo wachitatu sanaukwanitse. Ana ajawo akukula opanda cédula, chikalata cha kubadwa. Tsiku la mayeso lidzawapeza choncho, tsiku lofuna chiphaso lidzawapezanso choncho, ndipo wina akadzafuna kukwatira wamkuluyo ali ndi zaka 15, palibe pepala limene lidzatsutse bodza loti wakwana. Tikupempha kuti olembera azifika okha m'midzi nthawi yachilimwe misewu ikamayendeka, alembe mwana ndi kholo lake tsiku limodzi, umboni wa mfumu ulandiridwe, ndiponso kuti pa chipatala chilichonse chochirirapo amayi pakhale wolemba ana obadwa kumene.

Izi zikutifikitsa pa ana aakazi. Lamulo nambala 19 la 2019 linaletsa kukwatiwa kapena kutomeredwa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo munthu wamkulu wokwatira mwana angakhale m'ndende zaka 8 mpaka 12. Tikuliyamika lamuloli. Tikuvomeranso poyera kuti mlanduwu ena a ife tili nawo: alipo makolo amene analandira ng'ombe kapena ndalama chifukwa cha umphawi, alipo ankhoswe amene anatseka maso. Koma mwana tikamuchotsa ku banja timupititse kuti? Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 inasamukira ku sekondale. Kwa midzi ya kuseri kwa phiri la Domwe ndi ina yakutali, zimenezi zikutanthauza kuti mtsikana wa zaka 12 kapena 13 azidzuka kusanache, kuwoloka mitsinje yodzaza nthawi yadzinja, kapena kukachita lendi yekha pafupi ndi msika, kumene anyamata a malonda ali ndi ndalama m'thumba. Kholo likaona zimenezi limamuuza kuti akhale pakhomo, ndipo wokhala pakhomo sachedwa kufunsiridwa. Anyamata nawo amathera kubusa ndi m'zigafa za fodya. Tikupempha kuti makalasi 7 mpaka 9 atsegulidwe pa sukulu za pulayimale zimene zilipo kale kumidzi, ndi aphunzitsi okwanira, aakazi akhalepo, ndi zimbudzi zoti mtsikana wotha msinkhu angalowemo mosachita manyazi. Lamulo lothamangitsira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku linathetsedwa mu Disembala 2018. Akumbutseni onse oyendetsa sukulu kuti mwana wobereka ali ndi malo ake m'kalasi masana. Nambala ya foni ya 116 ya Linha Fala Criança, yolandira madandaulo a ana, ilembedwe pa khoma la sukulu iliyonse, ndipo mwana akadandaula pakhale munthu wofika pamudzi.

Olemekezeka, kuchokera pamene malamulo aakulu anasinthidwa mu 2018, sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, madzi ndi misewu ya m'madera zili m'manja mwa chigawo, ndipo ndondomeko ndi bajeti ya chigawo zimadutsa m'nyumba yanu. Choncho tikupempha kuti mu bajeti ikubwerayi ndalama za ana a ku Angónia zilembedwe pazokha, zioneke kuti zipinda zophunzirira ndi zingati, nyumba zodikirira amayi oyembekezera ndi zingati, mijigo ndi ingati, ndipo zidzamangidwa mudzi uti. Zimenezi ziwerengedwe m'Chinyanja pa wailesi ya m'dera lathu kuti tizitsatira.

Tikupemphanso kuti komiti yanu yoona za chisamaliro cha anthu ibwere kuno mvula isanathe, isathere pa Ulónguè pokha koma ifike ku Dómuè ndi m'midzi ya m'malire. Tidzakulandirani ndipo tidzakuperekezani khomo ndi khomo. Yankho lanu lolemba litumizidwe kudzera kwa mafumu athu, tidzaliwerenga pa bwalo pamaso pa onse amene asaina.

Ndife anu,
Makolo ndi olera ana a m'madera a Ulónguè ndi Dómuè, boma la Angónia.
Maina, masiginecha ndi zidindo za zala zili pa mapepala amene taphatika.