Mpeni wa pa Chikope

Mdzukulu wanga, amene amawerenga za kutali pa lamya yam'manja, anandiuza dzana kuti ku Seoul, m'dziko la South Korea, anyamata ndi asungwana amapereka ndalama zochuluka kwa madotolo kuti awacheke zikope, maso aoneke aakulu. Ndipo pamene iye anali kuzizwa nazo, mtima wanga unabwerera ku Chia, kumene malemu azakhali anga anatsirizira masiku awo ali pakhonde, atafunda nsalu kumaso, popeza kunyezimira kwa nyanja kunali kuwalasa ngati mkondo.

Nthenda yawo inali trakoma, imene imayenda ndi ntchentche zotera m'maso mwa ana, manja osasamba, ndi nsalu imodzi yopukutira banja lonse; ndipo ikabwereza chaka ndi chaka imasiya zipsera kunsi kwa chikope, chikope nʼkupindikira m'kati, nsidze nʼkumakanda diso pa kuphethira kulikonse kufikira litachita khungu. "Mwanawe, tandizulako nsidzezi," ankatero azakhali m'mamawa asodzi akukocheza ngalawa. Ine nʼkuzula imodziimodzi ndi kachitsulo kopanira, koma pakutha pa masabata owerengeka zinkameranso, zolasa koposa kale. Anaona patali akuluakulu ponena kuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza.

Sindiweruza mwana wa ku Seoul, pakuti nkhope ndi ya mwini wake. Koma kuno kwathu mpeni wa pa chikope uli ndi ntchito yolemekezeka koposa. Wachipatala wophunzira za maso amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, nacheka pang'ono, natembenuzira nsidze kunja, nasoka, ola lisanakwane. Ndipo mwa ntchito yotere, pamodzi ndi mankhwala a azithromycin amene anagawidwa m'midzi, kusamba kumaso ndi kukumba zimbudzi, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza m'chaka cha 2022 kuti Malawi wagonjetsa trakoma monga mliri wa dziko, woyamba m'chigawo cha kummwera kwa Africa. Azakhali anagona tsikulo asanalione.

Komatu zipsera zakale zikadali m'zikope za okalamba ena, ndipo nsidze sizimva chilengezo. Inu a ku Sani, a ku Bua ndi a ku Dwangwa, ngati m'nyumba mwanu muli gogo amene akuzulabe nsidze, musadikire kuti diso lichite khungu. M'gwireni dzanja, mupite naye kuchipatala cha boma ku Nkhotakota sabata ino.