Za M'banja: Mnyamata Wosowa Bwalo

Abale athu okondedwa a ku Chiosya ndi a m'midzi yonse ya kufupi ndi malire, mwezi uno tifuna kucheza nanu za anyamata awiri amene inu nonse muwadziwa, pakuti m'mudzi uli wonse alimo.

Woyamba ndiye uja amalume ake anapita naye ku dambwe asanathe sukulu. Pobwerako, anzake a ku tchalitchi ayamba kumzemba, akulu a mpingo amyang'ana ndi diso lina, ndipo iye pogwidwa ndi manyazi aleka Misa, kenaka aleka ndi sukulu yomwe. Wachiwiri ndiye mwana wa Akristu amene sanalowe. Zilombo zikatuluka pa maliro athawa pamodzi ndi ana, ndipo anzake amutcha mwana ngakhale ndevu zamera. Onse awiri asanduka mleme, umene mbalame ziukana, mbewa nazo ziukana. Tsono mnyamata wosowa bwalo sakhalitsa pamudzi: mawa mumva kuti ali pa esiteti ya fodya, kapena wadutsa pa Mwami kunka ku Chipata kukafuna ganyu.

Mlandu umenewu si wa lero ai. Azibambo Oyera anafika ku Mua mu 1902 ndi ku Kachebere mu 1903, namanga sukulu m'midzi, ndipo m'zaka za m'ma 1920 panabuka mkangano waukulu pakati pa mishoni ndi nyau. Bambo Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden anasanthula mbiri yake, nailemba mu 1972. Nkhani yake ndi iyi: akulu a nyau, poona kuti sukulu iwalanda ana, anayamba kulowetsa anyamata akali aang'ono, ansembe nawo analetsa masakramenti kwa Mkristu wopita ku dambwe. Okangana anali akulu, koma wosweka mtima anali mwana, ndipo mtolo umenewo ana athu ausenzabe.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene Achewa anamutcha Chisale, anakhazikitsa malo a KuNgoni ku Mua mu 1976. Iye anakhala pansi ndi akuluakulu zaka zambiri, kufunsa ndi kulemba, ndipo m'nyumba ya Chamare anasonkhanitsa nkhope za gule zoposa 400. Chimene anapeza n'chakuti zilombo zambiri zili ndi phunziro lake: china chidzudzula ulesi, china kuledzera, china chigololo, china mwano kwa makolo. Ngakhale Maliya ndi Simoni, amene maina ao anachokera ku chikristu, aonetsa kuti eni gule anali kuyang'anitsitsa za ku mishoni. Kodi ife tinayang'anitsitsa zao chomwecho?

Mu 2005 bungwe la UNESCO linawerengera Gule Wamkulu wa m'Malawi, Zambia ndi Mozambique pa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Mwezi wa Ogasiti mafumu a Achewa a maiko atatuwa asonkhana ku Mkaika, kufupi ndi Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ana athu aona zimenezo. Tikamuuza mwana kuti zonse za agogo ake n'zonyansa, sadzatikhulupirira. Adzangoleka kutiuza zakukhosi.

Musatimve molakwa. Sititi lamulo la Eklezia lasinthika. Mlandu umenewo ngwa ansembe ndi maepiskopi. Sititinso zonse za ku dambwe n'zabwino: kumenya odutsa, kulanda za eni, kutukwana ndi kujombetsa ana sukulu n'zoipa, ndipo mafumu anzeru omwe azikana. Koma kudana ndi choipa n'kwina, kutaya mwana n'kwinanso.

Chifukwa chake tikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, inu abambo ndi amai, mwana akabwera ku dambwe musamtsekere chitseko. Mpatseni nsima, mumfunse zimene zinamkokera kumeneko. Kapena adzati anaopa kusekedwa, kapena anakonda ng'oma, kapena anafuna kuyesedwa munthu pakati pa anzake. Chachiwiri, inu a mphakati, pitani kwa amfumu ndi ulemu, mupangane kuti chinamwali chisagwe pa masiku a sukulu, ndi kuti mwana wokana asakakamizidwe. Chachitatu, mwana wathu wosalowa uja tisamsiye wopanda mwambo. Agogo amphunzitse mfunda wake ndi kumene makolo anachokera, amlangize za ulemu, za maliro ndi za ukwati, ndipo ku tchalitchi mumpatse ng'oma ndi ntchito yoti adziwike nayo.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lamulungu likudzali, mukaona mnyamata ataima kutali pansi pa mtengo osalowa, mmodzi wa inu atuluke, akamuitane ndi dzina lake.

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wa mawa.