Nyimbo ndi munda wa woyimba

Dzuwa likamalowa ku Zengeza 3, m'tauni ya Chitungwiza ku Zimbabwe, nyimbo za sungura zimamveka m'mashopu ndi m'makombi. Tauniyi idatchukitsa oyimba monga Nicholas Zakaria wa gulu la Khiama Boys ndi Alick Macheso wa Orchestra Mberikwazvo, onse awiri a mtundu wochokera ku Malawi, omwe adayimbako nyimbo zina m'Chichewa. Achinyamata ambiri a m'derali amalakalaka kutsata mapazi awo.

Vuto lawo ndi lakale: woyimba amalima, ena n'kukolola. Kale akuba ankakopera ma CD n'kumawagulitsa m'misewu pamtengo wozizira. Lero nyimbo imangodumpha kuchoka pafoni ina kupita pa ina. Chotsalira woyimba ndi ndalama za pakhomo pa zoyimbayimba ndi zikondwerero zanyimbo.

Posachedwapa kudabwera njira yatsopano yotchedwa blockchain. Ameneyu ndi kaundula wa pa intaneti wosungidwa m'makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, kotero kuti n'kovuta kufufuta zolembedwamo. M'kaundulamu mumalembedwa zizindikiro zotchedwa NFT, zomwe munthu angagule ngati tikiti ya chikondwerero, chithunzi kapena nyimbo. Ozilimbikitsa amati woyimba angathe kulandira kangachepe nthawi iliyonse chizindikiro chake chikagulitsidwanso.

Koma zomwe zidachitika ku America ndi phunziro. M'chaka cha 2022, chikondwerero chachikulu cha Coachella chidagulitsa zizindikiro 10 zololeza munthu kulowa chaka ndi chaka moyo wake wonse. Malondawo adadzera ku kampani ya FTX. M'mwezi wa November chaka chomwecho FTX idagwa, ndipo zizindikiro za ogula ambiri zidatsekeredwa m'makina a kampaniyo.

Mfundo ina ndi yaikulu kuposa pamenepa. Kugula chizindikiro si kugula umwini wa nyimbo. Munthu wogula thumba la chimanga sakhala mwini munda. Umwini umatetezedwa ndi lamulo ndiponso mgwirizano wolembedwa, osati makina. Ku Zimbabwe lamulo la Copyright and Neighbouring Rights Act limateteza nyimbo moyo wonse wa woipeka ndi zaka zina 50 atamwalira, choncho ndi chuma chosiyira ana. Bungwe la ZIMURA, lomwe lidayamba mu 1982, limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira mamembala ake. Ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa COSOMA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1992.

Nkhaniyi ikukhudzanso makwaya, magulu a achinyamata ndi ovina magule a makolo omwe amaitanidwa ku zikondwerero. Kawirikawiri amajambulidwa, kulandira chakudya ndi ya basi, n'kubwerera kwawo osadziwa komwe kanemayo akathere. Alangizi ndi atsogoleri a magulu angathandize pofunsa mafunso atatu gulu lisanakwere pansanja. Kodi zojambulidwazo zidzakhala za yani? Kodi zikagulitsidwa, m'njira iliyonse, gulu lidzalandira zingati? Nanga kampani yosunga zizindikiro ikagwa, adzayankhe ndani? Mayankho alembedwe papepala, mbali zonse zisayine, ndipo aliyense asunge lake.

Safunsa adadya phula. Mnyamata wa ku Zengeza 3 amene walembetsa nyimbo zake ndi kusunga mapepala a mgwirizano angathe kuyesa msika watsopanowu popanda kutaya munda wake.