Buku ndi limodzi, maso ndi ambiri

Pochokera kutchalitchi timadabwa nthawi zina kuti tonse tamva mawu amodzi, koma aliyense watolapo zake. Ena amati kusiyana kotere ndi kusamvetsa. Ife tikuti ayi. Munthu amafika pa buku atasenza moyo wake, ndipo moyowo ndiwo nyali imene amawerengera.

Taonani fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15:11-32. Mphunzitsi wa Baibulo wa ku America, Mark Allan Powell, adapempha ophunzira 100 akwawo kuti awerenge fanizoli, atseke buku, kenaka alifotokoze pamtima. Anthu 6 okha ndiwo adatchula njala yaikulu imene idagwa m'dziko lakutali lija. Atachita zomwezo ku St Petersburg, m'dziko la Russia, anthu 42 mwa 50 adaikumbukira njalayo. Mzinda wawowo, pamene unkatchedwa Leningrad, udazingidwa ndi asilikali a Germany kuyambira 1941 mpaka 1944, ndipo anthu miyandamiyanda adafa ndi njala. Ku Tanzania nako, ambiri adaona mlandu wa eni dziko amene adamana mlendo chakudya.

Nanga ife? Amene tidadya gaga m'chaka cha 2002, kapena tidamva agogo akusimba za njala ya 1949, kodi vesi limeneli tingalidumphe? Mayi amene mwana wake adapita ku Joni osaimbanso foni amaona bambo woyang'ana kunjira. Mwana amene adatsala pakhomo kulimira makolo amamva kuwawa kwa mkulu uja. Onsewa sakuonjezera kanthu pa lemba. Akungoona zimene anzawo adapitirira.

Komabe tisanamizane kuti maganizo alionse ndi oona. Lemba lili ndi malire ake, ndipo amene amawerenga yekha nthawi zonse sachedwa kumva mawu a mtima wake n'kumati ndi a Mulungu. Nduna ya ku Etiopia ya pa Machitidwe 8 inkadziwa kuwerenga, koma idaitana Filipo kuti akwere pagaleta aifotokozere. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono madzulo ano, tikatsegula Buku Lopatulika pabanja, bambo asathamangire kumasulira. Tiyambe tafunsa agogo, mayi ndi mwana wamng'ono yemwe kuti amvapo chiyani. Mwina vesi limene takhala tikulidumpha zaka zonsezi lili pakamwa pa amene sitimufunsa.